Dzanja lobisidwa m'chitenje



Zaka khumi zapitazo, pa maphunziro a makolo okonzekera ubatizo wa ana awo, padali mayi wina wachitsikana amene ankakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Udali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ana a anzake ali ndi matewera okha, koma wake adali wokulungidwa m'chitenje mpaka m'khosi. Tsiku lotsiriza, anthu onse atatuluka, iye adatsalira. Adagwada nafunsa motsitsa mawu: "Aphunzitsi, kodi abambo mfumu angalole kubatiza mwana wotere?" Atatero adavundukula chitenje chija. Mkono wamanja wa mwanayo unkathera pang'ono kupitirira chigongono, ndipo kunsonga kwake, m'malo mwa zala, kudali timinofu titatu tonga nyemba. Mwanayo adali wonenepa bwino, ndipo atamva kamphepo adayamba kuponda miyendo ndi kuseka.

Yankho silidavute. Ubatizo suwerenga zala, ndipo mwanayo adabatizidwa pamodzi ndi anzake Lamulungu lotsatira. Chimene chidatisautsa mtima ndi funso lenilenilo, pakuti funso lotere munthu salitola pa msewu. Alipo amene adamuuza mayiyo, ndi pakamwa kapena ndi maso, kuti mwana wake ndi malodza. Pambuyo pake tidamva kuti akuchimuna ankanena kuti mayiyo adayenda njira zosayenera ali ndi pakati, akuchikazi ankaloza chala gogo wina wa m'mudzimo, ndipo ena ankati adaseka munthu wolumala pa msika. Bambo wa mwanayo adapita kwawo kukaona odwala, ndipo matendawo mpaka lero sadathe. Onsewa adali anthu opemphera, ena mwa iwo a m'mphakati mwathu momwe.

Tiyambe ndi zimene madokotala amadziwa, chifukwa umbuli ukavala malaya a chipembedzo umavuta kuuvula. Mikono ya mwana imayamba kuoneka ngati timphukira tiwiri chakumapeto kwa sabata yachinayi kuchokera pamene mayi watenga pathupi. Pofika sabata yachisanu ndi chitatu, mkono, chigongono, dzanja ndi zala zimakhala zitaumbika kale, ndipo miyezi yotsalayo ndi yongokula basi. Ndiye kuti nkhani yonse ya mkono imagamulidwa pa nthawi imene amayi ambiri sadayambe n'komwe sikelo, ena asadadziwe kuti aima. Chimene mayi adaona pa msika ali ndi mimba ya miyezi isanu ndi umodzi sichingafupikitse mkono umene udaumbika kalekale.

Zosokoneza kuumbikako zilipo zingapo. Nthawi zina magazi safika mokwanira ku kamphukira kaja, ndipo kamaima panjira. Madokotala amaganiza kuti ndi zimene zimachitika pa vuto lotchedwa Poland syndrome, pamene mwana amabadwa wopanda mnofu wina wa pachifuwa mbali imodzi, dzanja la mbali yomweyo n'kukhala laling'ono, la zala zazifupi kapena zolumikizana. Dzinali silichokera ku dziko la Poland ayi, koma kwa Alfred Poland wa ku London amene adalongosola vutoli mu 1841. Nthawi zina kathumba kamene mwana amakhalamo kamang'ambika pang'ono, tiulusi take n'kukulunga chala kapena mkono monga mmene chingwe chimalowera m'khungwa la mtengo umene ukukula. Nthawi zina ndi zotengera ku mtundu, ndipo zimatha kuchokera kuchimuna monga momwe zingachokere kuchikazi, mfundo imene apongozi ambiri sakonda kuimva. Koma pa ana ochuluka, ngakhale m'zipatala zazikulu za ku Ulaya, chifukwa chake sichipezeka. Ku America, kumene amawerenga zotere mosamala, mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 2,000 amabadwa ndi mkono kapena mwendo wosakwanira. Kumeneko kulibe gogo wathu wa m'mudzi uja, koma anawo akubadwabe.

Pali chinthu chimodzi chimene tikupempha achinyamata kuti muchigwire, chifukwa chitha kupulumutsa moyo. Mwana akabadwa wopanda chala chamanthu, kapena dzanja lake litapindikira mkati chifukwa fupa la mbali ya chala chamanthu ndi lalifupi kapena palibe, pamafunika kuti apimidwenso mtima, impso ndi magazi, pakuti mavutowa amakonda kuyendera limodzi. Mwana wobisidwa m'nyumba chifukwa cha manyazi sapimidwa. Komanso alipo madokotala a mafupa amene amatha kulekanitsa zala zolumikizana, ngakhale kusuntha chala chamkombaphala kuti chigwire ntchito ya chala chamanthu. Ku Blantyre kuli chipatala cha Beit CURE, chimene chidatsegulidwa mu 2002 kuti chithandize ana a mavuto a mafupa. Si dzanja lililonse limene lingakonzedwe, ndipo mkono umene sudamere palibe dokotala angaumeretse. Koma woyenera kunena zimenezo ndi amene wamuona mwanayo ndi maso, osati bwalo la achibale.

Pa mbiri yonse ya nkhaniyi, pali nthawi imodzi pamene wolakwa adapezeka ndithu, ndipo sadali mayi. Mu 1957 kampani ya Grünenthal ya ku West Germany idayamba kugulitsa mankhwala otchedwa thalidomide, ogonetsa tulo, amene amayi oyembekezera ankamwanso pofuna kuletsa mseru. Ankati ndi osaopsa konse. M'zaka zinayi zotsatira, ana oposa 10,000 m'maiko ambiri adabadwa ndi mikono kapena miyendo yaifupi, ena manja atamera pa phewa penipeni, ndipo ambiri adamwalira ali makanda. Mu 1961 madokotala awiri, Widukind Lenz ku Germany ndi William McBride ku Australia, adaloza mankhwalawo, ndipo adachotsedwa pa msika. Ku America sadaloledwe kugulitsidwa chifukwa mayi wina wa m'boma, dokotala Frances Kelsey, adakana kusaina mapepala mpaka ataona umboni wokwanira. Kampani ija idapepesa mu 2012, patapita zaka zoposa makumi asanu. Taganizani za amayi aja m'zaka zoyambazo, asadadziwe za mankhwalawo, mmene ankadzifufuzira mumtima usiku kufuna tchimo limene sadachite.

Mmodzi mwa ana amenewo ndi Tony Melendez, amene adabadwa ku Nicaragua mu 1962 wopanda mikono yonse iwiri, nakulira ku California. Ali mwana adamuveka mikono yochita kupanga, koma atafika zaka khumi adaitaya, chifukwa mapazi ake ankagwira ntchito bwino kuposa iyo. Adaphunzira kuimba gitala ndi zala zakuphazi. Pa 15 Seputembala 1987, ku Los Angeles, adaimba pamaso pa Papa Yohane Paulo Wachiwiri, yemwe uja adadzatiyendera kuno ku Malawi mu Meyi 1989. Nyimbo itatha, Papa adatsika pamene adakhala, napita kukamupsompsona. Ambiri a inu mudaonapo kanema wake pa foni, ndipo ife tidamuonetsapo pa misonkhano ya achinyamata, anthu n'kugwetsa misozi.

Koma pali mbali ya mbiri ya Tony imene sitiikamba kawirikawiri. Iye mwini amafotokoza kuti ali mnyamata adafuna kukhala wansembe, ndipo njira idatsekeka chifukwa wansembe ankayenera kukhala ndi chala chamanthu ndi chamkombaphala zogwirira Ukaristia. Malamulo a Mpingo a 1917 ankawerengadi chilema cha thupi ngati chotchinga pa unsembe. Ngakhale Isaac Jogues Woyera, wansembe wachiJesuit amene adadulidwa zala mu ukapolo ku North America mu 1642, adachita kulandira chilolezo chapadera kwa Papa Urbano Wachisanu ndi Chitatu kuti athe kuchitanso Misa. Malamulo atsopano a 1983 adachotsa chilema pa mndandanda wa zotchingazo, nasiyira aepiskopi kuweruza munthu aliyense payekha ngati angathe utumikiwo. Tikunena zimenezi osati ponyoza Mpingo, amayi athu. Lamulo lakale lija lidali ndi cholinga chake, cholemekeza Thupi la Ambuye kuti lisagwe pansi. Koma ngati Mpingo wonse udatha kubwerera m'mbuyo n'kuona kuti muyeso wake udali wothina, ife a parishi imodzi sitingaumirire timiyeso tathu ngati kuti tidatsika pa phiri la Sinai.

Ndipo timiyeso timeneti tili nato tambiri, chifukwa moyo wathu wonse udamangidwa pa manja awiri. Popereka moni kwa wamkulu, dzanja lamanzere limagwira mkono wamanja. Polandira mphatso timalandira ndi manja awiri, ndipo mwana wolandira ndi dzanja limodzi timamuti ndi wamwano. Pothokoza timaomba m'manja. Nsima timadya ndi dzanja lamanja, ndipo alipo ambiri a ife amene adamenyedwa ndi mthiko ali ana chifukwa chotema ndi lamanzere. M'tchalitchi namo ndi chimodzimodzi: chizindikiro cha mtanda ndi dzanja lamanja, kupemphera manja ali pamodzi, kulandira Ukaristia dzanja lina lili pansi pa linzake, kuomba m'manja pa nyimbo ya Ulemu. Miyambo yonseyi ndi yokoma, ndipo sitikufuna kuti ithe. Koma mwana wa dzanja limodzi amakumana nayo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo paliponse pamakhala wina womuyang'ana, wina womukonza, wina wotembenuza nkhope mwachisoni. Palibe amene amamuthamangitsa m'tchalitchi. Amangophunzira yekha kukhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, pamene amayi ake adakhala.

Akatekisiti ndi aphunzitsi a Tilitonse tiyenera kunena momveka, pamaso pa ana onse osati mwamseri, kuti chizindikiro cha mtanda chochitidwa ndi dzanja lamanzere, kapena ndi mkono wothera pa chigongono, ndi chizindikiro cha mtanda chathunthu. Kugwiritsa ntchito dzanja lamanja ndi mwambo wakale wolemekezeka, koma chimene chimatidalitsa ndi mtandawo ndi dzina la Utatu Woyera. Ukaristia munthu ali ndi ufulu woulandira pa lilime. Ndipo kwa inu amene mwayamba kuganiza za banja: chimene chimamanga ukwati ndi kuvomerezana kwa awiriwo pamaso pa Mulungu ndi Mpingo, mphete ndi chizindikiro chabe, ndipo chala choivekapo chikasowa ukwatiwo superewera kanthu. Tikudziwa chibwenzi china chimene chidatha chifukwa azakhali a mnyamata adafunsa kuti mtsikanayo adzasinja bwanji, adzabereka bwanji mwana kumbuyo. Mtsikanayo adali atalera kale abale ake atatu ndi dzanja lomwelo. Mnyamatayo adamvera azakhali ake, ndipo akadali kuimba bwino mu kwaya.

Mthenga Wabwino uli ndi nkhani ya munthu wa dzanja lopuwala amene Ambuye Yezu adamupeza m'sunagoge tsiku la Sabata. Muipeza pa Marko 3:1-6, ndipo Luka Woyera amaonjezera kuti lidali dzanja lamanja. Malembo satiuza ngati adabadwa nalo chomwecho. Jerome Woyera adasunga mbiri ina yakale yonena kuti munthuyo adali mmisiri womanga nyumba, amene ankapempha kuchira kuti asamachite manyazi opemphetsa chakudya. Timakonda kuthamangira kumapeto a nkhaniyi, pamene dzanja lidachira, koma taonani zimene zidachitika lisadachire. Anthu opemphera a m'sunagogemo adamuona munthuyo, koma sadali ndi ntchito naye. Kwa iwo adali msampha wokolera Yezu, chida chotsimikizira mfundo yawo. Ambuye asadakhudze nkhani ya dzanja, adayamba amuitana kuti achoke pamene adali, adzaime pakati pa msonkhano. Munthuyo adaima pakati dzanja likadali lopuwala. Ndipo Marko amanena poyera kuti Ambuye adawayang'ana opemphera aja mokwiya, chifukwa cha kuuma mtima kwawo. Malo amene Mthenga Wabwino umatchula mkwiyo wa Yezu mosabisa chonchi ndi owerengeka, ndipo awa ndi a m'nyumba yopemphereramo.

Funso la achibale a mayi uja nalonso si lachilendo. Ophunzira a Yezu adalifunsa ataona munthu wobadwa wakhungu, pa Yohane 9, kufuna kudziwa ngati wochimwa adali iyeyo kapena makolo ake, ndipo Ambuye adakana zonse ziwiri. Patha zaka pafupifupi 2,000 funsolo litayankhidwa, koma ife timalifunsabe pa maliro, pa chinkhoswe ndi pa chitsime, ngati kuti yankho la Ambuye lidali maganizo chabe a munthu wina.

Apa tsono tiyenera kudzigunda pachifuwa, ife amene timati ndife ophunzira ndipo za ufiti tidazisiya. Nafenso tili ndi njira yathu yosandutsira munthu chizindikiro. Sitimuti malodza, timamuti phunziro. Timaonetsa kanema wa Tony n'kuwauza achinyamata kuti: taonani wopanda manja akuimba gitala, inu a manja awiri mukudandaula chiyani? Mawuwa amamveka achikhristu, koma tamverani mmene amamvekera kwa mtsikana wa dzanja limodzi amene wakhala pa benchi lachitatu. Akumva kuti ntchito yake pa dziko ndi kuchititsa anzake manyazi kuti alimbikire, ndiponso kuti kuti awerengedwe ayenera kuchita zodabwitsa. Nanga ngati sadziwa kuimba? Nanga ngati masamu amamuvuta, ndi waulesi pang'ono, amachedwa ku Misa monga anzake onse? Ana ambiri obadwa ndi mkono wosakwanira sadzaimba pamaso pa Papa. Adzakhala alimi, aphunzitsi, ogulitsa mu golosale, ena okoma mtima ena ovuta, ndipo malo awo mu Mpingo adawalandira tsiku la ubatizo asadachite chodabwitsa chilichonse. Makolo athu adati mako ndi mako angachepe mwendo. Sadati mako ndi mako akapambana mpikisano wothamanga.

Alipo ena amene anganene kuti tikuchepetsa mphamvu ya Mulungu, kuti m'malo mokonza miyambo tizipempherera anawa kuti achire monga adachirira wa m'sunagoge uja. Kupemphera tizipemphera, ndipo palibe amene angaikire Mulungu malire. Koma taona amayi akugulitsa mbuzi ndi chimanga cha m'nkhokwe kuti apite ndi mwana kwa olosera olonjeza kuti mkono umera usiku wa mapemphero. Mkono ukapanda kumera, mlandu umabwereranso kwa mayi yemwe uja, tsopano akuti alibe chikhulupiriro. Mwana naye amakula akudziwa kuti thupi lake ndi pemphero losayankhidwa. Kumeneko si kulemekeza mphamvu ya Mulungu. Tisaiwale kuti Ambuye atauka kwa akufa sadabise manja awo. Adawaonetsa kwa ophunzira ali ndi mabala, ndipo Tomasi adawazindikira ndi manja omwewo.

Enanso anganene kuti pali ntchito zina zimene munthu wa dzanja limodzi sangazithe, ndipo kunamizana si chikondi. Zoona. Koma wodziwa malirewo ndani? Mwana wobadwa ndi mkono wotere sadataye kanthu, sali ngati munthu wamkulu amene wadulidwa dzanja pa ngozi n'kuyamba kuphunzira zonse mwatsopano. Thupi limenelo ndi lokhalo limene amalidziwa, ndipo amayamba kulipezera njira akadali kukwawa: kupanira chinthu m'khwapa, kuchitsamiza pachifuwa, kugwira ndi chibwano kapena bondo. Ife tikamayesa kuganiza mmene tingamangire nsapato ndi dzanja limodzi timaona zosatheka, chifukwa tikuyeza ndi thupi lathu. Iye adayamba kumanga ali Sitandade 2. Buku lotsogolera ntchito ya katekisimu limene Roma idatulutsa mu 2020 silinena chabe kuti anthu aulumali aziphunzitsidwa, limanenanso kuti ndi bwino iwo omwe akhale akatekisiti. Kumeneko ndi kuwaika kutsogolo kwa kalasi, choko m'manja, ife titakhala pansi.

Mwana wa m'chitenje uja tsopano ndi mnyamata wa zaka khumi. Mwezi wathawu adabwera yekha kudzalembetsa kuti akhale mtumiki wa pa guwa. Tiulule pano kuti woyamba kukayika tidali ife amene tikulemba zonsezi. M'mutu mwathu mudabwera timabotolo ta vinyo ndi madzi tikugwa pa simenti, kandulo ikuyatsa nsalu ya pa guwa, anthu akuyang'ana mkono m'malo moyang'ana Misa. Tidayamba kumufotokozera mokoma kuti kwaya nayonso ndi utumiki waukulu, ndipo tidadzimva tokha tikulankhula ndi mawu a azakhali aja. Mnyamatayo adatimvetsera mwaulemu mpaka tidamaliza, kenaka adati: "Aphunzitsi, bwanji mundione kaye?"

Tidamuona. Buku la Misa amalitsamiza pachifuwa ndi mkono wamfupiwo, dzanja lamanzere lili pansi pake, ndipo silitekeseka. Belu amaliza pa nthawi yake, zimene anzake ena a manja awiri sadazidziwebe. Timabotolo amatinyamula kamodzikamodzi, ndiye kuti amayenda kawiri, ndipo Misa imatalika ndi masekondi khumi. Watumikira kale Malamulungu awiri pa Misa ya m'mawa. Loyamba anthu adayang'ana kwambiri, ndipo mayi wina adabwera pambuyo pake kudzatifunsa ngati sitikumuzunza mwanayo pomuonetsa pagulu. Lachiwiri oyang'ana adachepa. Amayi ake akadakhalabe kumbuyo pafupi ndi chitseko, ndipo sitidawakakamize kusuntha.

Chatsala ndi chofukizira lubani, chimene chimafuna dzanja lina kugwira unyolo, lina kukweza chivindikiro, makala amoto ali mkati. Iye akuti wapeza njira. Akuluakulu a atumiki agawikana, ndipo ife sitidaione njirayo. Atumiki onse a pa guwa akumana Loweruka likubwerali nthawi ya 2 koloko masana, ndipo tagwirizana kuti ayambe wayesa makala asadayatsidwe.